Rauta ya magemu siifupikitsa njira ya ku London

Kampani ya ASUS ili ndi rauta yotchedwa ROG Rapture GT-BE98 Pro, yomwe inafika pamsika wa ku America pamtengo wa madola pafupifupi 800. PlayStation 5 itatuluka mu November 2020 inkagulitsidwa madola 499. Ndiye kuti kabokosi kongogawa intaneti m'nyumba kakuposa mtengo wa makina enieni osewerera gemu. Ndipo anthu akugula. Akugula chifukwa anamva kuti akamaluza pa Call of Duty, akamawomberedwa asanamuone n'komwe mdani, vuto ndi rauta yawo yakale, ndipo mankhwala ake ndi chibokosi chakuda cha maeriyo 8 chowala nyali zamitundumitundu. Ine ndikuti ambiri mwa iwo akuberedwa masanasana, ndipo woberedwa koposa ndi mnyamata wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni amene watuma achimwene ake a ku Johannesburg kapena ku Leeds kuti amugulire.

Musandimve molakwa. Marauta amenewa si zinyalala. Ali ndi purosesa yamphamvu, amanyamula mafoni ndi makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi osatopa, ndipo nyumba yaikulu ya anthu ambiri yokhala ndi faiba yothamanga ikhoza kupindula nawo. Chimene ndikulimbana nacho ndi lonjezo lobisala m'mawu oti "ya magemu", lakuti ukalipira kawiri kapena katatu mtengo wa rauta wamba, gemu isiya kukakamira. Ogulitsa lonjezoli amalinena mozungulira, kudzera m'manambala akuluakulu ndi zithunzi za asilikali onyamula mfuti, kuti mawa ukabwera kudzadandaula akhale ndi pothawira.

Tiyambe ndi nambala ya pabokosi. Rauta ina yotchuka ya ASUS ndi GT-AX11000, ndipo 11000 imeneyo ikutanthauza 11,000 Mbps. Anaipeza bwanji? Rautayi imaulutsa pa mafunde atatu osiyana. Ena ndi a 2.4 GHz, omwe papepala amafika 1,148 Mbps, ndipo awiri otsalawo ndi a 5 GHz, alionse 4,804 Mbps. Anangophatikiza zonse, napeza 10,756, n'kukankhira m'mwamba pang'ono kuti nambala ikongole. Koma foni kapena laputopu ya Wi-Fi 6 imalumikiza pa mafunde amodzi okha panthawi imodzi. Ngakhale 4,804 imeneyo imafuna chipangizo cholandira ndi maeriyo anayi, pamene mafoni ndi malaputopu ambiri ali nawo awiri okha, kotero pamwamba penipeni amafika 2,402, ndipo nayonso ndi ya papepala. Palibe munthu padziko lino amene anaionapo 11,000 pafoni yake. Pamwamba pa zonsezo, ngati intaneti yolowa m'nyumba mwanu ndi ya 20 Mbps, rauta singabereke ina. Idzagawa 20 yomweyo.

Chopweteka n'chakuti liwiro limeneli gemu siilifuna n'komwe. Kutsitsa gemu kumadyadi bandulo, pajatu Call of Duty yokha imatha kupitirira 100 GB. Koma mukayamba kusewera, zomwe zimayenda pakati pa makina anu ndi seva ndi timauthenga ting'onoting'ono: ndaima apa, ndatembenuka, ndawombera. Magemu ambiri safika n'komwe 1 Mbps. Chomwe amafuna n'chakuti timauthengato tifike msanga ndiponso mosadumphadumpha. Seva ya gemu ya Valorant imawerengera zomwe zikuchitika m'bwalo ka 128 pa sekondi iliyonse, ndiye uthenga wanu ukachedwa pang'ono, dziko la m'gemumo lapita kale patsogolo inu muli m'mbuyo. Osewera amayeza zimenezi ndi ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kuchoka pamakina anu, kukafika pa seva, n'kubwerera. Imawerengedwa m'mamilisekondi, omwe amakwana 1,000 pa sekondi imodzi. Ping ya 30 ndi yabwino. Ya 200 ndi ija mumaona mdani akuonekera apa, kenako uko, inu mutafa kale. Ndipo ping yongosinthasintha, pano 40 pano 180, imasokoneza kuposa yokwera koma yokhazikika, poti dzanja limatha kuzolowera kuchedwa kodziwika.

Tsono ping imachokera kuti? Gawo lalikulu ndi mtunda, ndipo mtunda sukambirana ndi munthu. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, koma m'kati mwa faiba kumatsika kufika pafupifupi 200,000. Ndiye kuti makilomita 100 alionse amawonjezera milisekondi imodzi paulendo wopita ndi kubwera. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku London, njira yowongoka ngati ya ndege, ndi makilomita pafupifupi 8,000. Ngakhale wina atayala faiba yowongoka kudutsa Congo, Sahara ndi nyanja ya Mediterranean popanda makina alionse panjira, ping singatsike kuposa 80. Faiba yotereyo kulibe. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere, ndiye uthenga umayamba wayenda pamtunda kulowera ku Dar es Salaam, kapena kudzera ku Mozambique, kapena ku Zambia kutsikira ku South Africa, n'kukalowa m'zingwe za pansi pa nyanja zomwe zimazungulira gombe la Africa. N'chifukwa chake ping ya ku Ulaya kuchokera kuno kawirikawiri imapitirira 150. Paulendo wonsewo, gawo la rauta ndi mamita ochepa a pakati pa balaza ndi chipinda chanu, lomwe limatenga mamilisekondi awiri kapena atatu zinthu zikakhala bwino. Mukulipira madola 800 kukonza gawo lomwe linali labwino kale.

Amene akukayika akumbukire pa 12 May 2024. Tsiku limenelo zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka pansi pa nyanja chakumpoto kwa Durban, ndipo intaneti inayenda mwa kamba kuyambira ku Tanzania ndi Kenya mpaka kuno ku Malawi. Wa rauta ya maeriyo 8 ndi wa kaMiFi kakale analira limodzi. Zingwe zimenezo, SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, ndizo zimagwira moyo wa gemu yanu, osati nyali zofiira za pashelufu.

Ogulitsa adzati ndikunyalanyaza zida zapadera zomwe marautawa ali nazo. Tiyeni tizione. Netgear inatulutsa Nighthawk Pro Gaming XR500 mu 2018, yoyendera pulogalamu ya DumaOS yopangidwa ndi kampani ya ku Britain ya Netduma. Chonyadira chake chachikulu ndi Geo-Filter: mumajambula mzere wozungulira pamapu, ndipo rauta imakana kukulumikizani ku maseva a kunja kwa mzerewo. Kwa munthu wa ku Manchester, amene ali ndi maseva ku London, Amsterdam ndi Frankfurt, ndi nzeru yabwino. Jambulani mzerewo kuzungulira Lilongwe muone. M'katimo mulibe seva. Gemu ikakhala ndi seva ku South Africa, monga momwe kampani ya Valve ilili nazo za Counter-Strike ndi Dota 2, chidachi chingakuthandizeni kukakamira komweko, koma magemu amenewo amakulolani kale kusankha dera kapena malire a ping popanda kugula china chilichonse. Gemu ikakhala kuti ilibe seva mu Africa muno, mzerewo umangokusiyani pamzere wodikira osewera nawo mpaka tulo.

Marauta ena a ASUS amabwera ndi WTFast, yomwe imatenga uthenga wanu n'kuudutsitsa njira zakezake. Imathandiza pamene kampani yanu ya intaneti ikuzunguliritsa uthenga mopanda nzeru, koma mtunda siichotsa, ndipo mukhoza kuiika pakompyuta osagula rauta. Palinso chomwe amachitcha gaming port, pobayira waya pamodzi pomwe chilichonse cholumikizidwapo chimaikidwa patsogolo. Apa ndimaseka. Chida chodalirika kwambiri pa rauta yodula yopanda waya ndi bowo lolowetsapo waya.

Komabe pali vuto limodzi lenileni lomwe rauta ingathetse, ndipo m'pomwe nkhani yonse yagona. Ndi madzulo, cha m'ma 8 koloko. Inu muli pakati pa gemu, ping ili pa 45, zonse zili myaa. Mwadzidzidzi yalumpha kufika 600, wosewera wanu wauma pakati pa bwalo. Palibe chingwe chaduka. Kungoti kuchipinda kwina achemwali akutumiza mavidiyo a chinkhoswe pa gulu la WhatsApp la kumpingo, ndipo foni ya bambo yayamba yokha kukweza zithunzi ku Google. Njira yotulukira m'nyumba ndi yopapatiza, ndiye rauta imaunjika zonse pamzere umodzi, woyamba kufika woyamba kutuluka. Zili ngati kuchigayo: inu mwabwera ndi kabeseni ka chimanga cha nsima ya lero, koma patsogolo panu pali wageni wa matumba khumi. Chigayo chikugaya bwinobwino, sichinawonongeke, koma inu mudikira mpaka dzuwa lipendeke. Wachigayo wanzeru amati, "Mayi, bweretsani kanuko tigaye kaye," wageni uja osataya kanthu kooneka, inu n'kumapita. Rauta yabwino ntchito yake ndi imeneyo.

Vutoli analitcha bufferbloat ndi katswiri wa makompyuta wa ku America, Jim Gettys, mu 2010, ataona kuti intaneti ya kunyumba kwake imafooka nthawi iliyonse akamatumiza mafayilo akuluakulu. Mu 2012 Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anafalitsa njira yoyendetsera mzerewo yotchedwa CoDel, ndipo chaka chomwecho Eric Dumazet analemba fq_codel, yomwe imagawa mzere umodzi uja kukhala timizere tambirimbiri kuti kauthenga kakang'ono kasatsekeredwe ndi chachikulu. Inalowa mu Linux, pulogalamu yoyendetsa makompyuta. Mu 2018 munalowanso njira ina yotchedwa CAKE, yomwe Dave Täht ndi anzake anaigwirira ntchito zaka zingapo. Zonsezi n'zaulere. Aliyense akhoza kuzitenga, kuziwerenga, kuzigwiritsa ntchito. Zili mu OpenWrt, pulogalamu yaulere yomwe imalowa m'marauta wamba mazanamazana, pansi pa dzina la SQM. Mumayeza liwiro la intaneti yanu, n'kuuza rauta kuti izidutsitsa pafupifupi 90 pa 100 alionse a liwirolo kuti mzere uzipangika m'manja mwake momwe ingaulamulire, basi. Mavidiyo a chinkhoswe akupitabe, gemu ili phee.

Ndiye taganizani. Chinthu chokhacho chogwiradi ntchito pa rauta ya magemu ndi nzeru ya kasanjidwe ka mzere, yomwe akatswiri anaipereka kwaulere zaka zoposa khumi zapitazo. Makampani ali ndi njira zawozawo zochitira zofananazo, amazipatsa mayina okoma ngati Game Boost kapena Congestion Control, n'kuziika m'bokosi looneka mochititsa mantha. Kwa intaneti ya 20 kapena 50 Mbps, yomwe ndiyo nyumba zambiri zokhala ndi intaneti kuno zili nayo kapena kucheperapo, rauta yotchipa yolola OpenWrt imakwanitsa ntchitoyo osatuluka thukuta. Purosesa yamphamvu ija imayamba kufunika intaneti ikafika mazanamazana a Mbps. Ndivomereze kuti kuika OpenWrt si kwa aliyense, ukaphonya ukhoza kupha rauta. Koma anyamata okonza mafoni ndi makompyuta m'matauni mwathu amachita zovuta kuposa pamenepa tsiku lililonse, ndipo sangakulipiritseni madola 800.

Nzeru imeneyi nayo ili ndi polekezera, ndipo polekezera pake ndi pomwe ambirife tili. Imafuna kuti liwiro la intaneti likhale lodziwika. Pa faiba zimatheka. Pa 4G liwiro limasintha ola ndi ola malinga ndi kuchuluka kwa anthu pa nsanja ya m'dera lanu, m'mawa 30 Mbps, madzulo 3, ndipo mzere weniweni uli pansanjapo, kunja kwa nyumba yanu. Rauta yodula ndi yotchipa zonse zimagwa chimodzimodzi. Komanso marauta otchuka a magemuwa alibe poika SIM. Mugula, mufika nayo kunyumba, n'kupeza kuti iyenera kukhala kumbuyo kwa kabokosi komweko ka kampani ya foni komwe munkafuna kuthawa. Makampani a foni ambiri, ngakhalenso Starlink yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, amagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi ya pa intaneti, njira yotchedwa CGNAT. N'kumene kumachokera NAT Type 3 ya pa PlayStation kapena Strict ya pa Xbox, ija imakulepheretsani kulowa gemu imodzi ndi anzanu. Rauta ya magemu ili ndi tsamba lokongola lotsegulira makomo a gemu iliyonse, koma khomo lokhomedwalo lili kumakina a kampani, komwe inu mulibe kiyi.

Nanga Wi-Fi yatsopano? Apa pali kupita patsogolo kwenikweni ndipo sindikukana. Vuto la Wi-Fi kuyambira kale n'lakuti mpweya ndi wa tonse. Chipangizo chilichonse chimayamba chamvetsera ngati china chikulankhula, chikamva phokoso chimadikira, uthenga ukasokonekera chimabwereza. Pa 2.4 GHz pali njira zitatu zokha zosapondana, 1, 6 ndi 11, ndipo mumalimbirana ndi aneba, Bluetooth ndi uvuni ya microwave. Kudikira ndi kubwereza kumeneko n'komwe kumapangitsa ping kudumphadumpha. Mu April 2020 bungwe la FCC ku America linatsegula mafunde a 6 GHz, omwe ndi otakasuka komanso opanda phokoso, n'kubadwa Wi-Fi 6E. Wi-Fi 7, yomwe anayamba kuitsimikizira mu January 2024, imalola chipangizo kugwira mafunde awiri nthawi imodzi, ena akadzaza uthenga n'kudutsira enawo. Zimenezi zimachepetsadi kudumphadumpha. Koma mbali zonse ziwiri ziyenera kuzidziwa. PlayStation 5 wamba imalekezera pa Wi-Fi 6, Xbox Series X pa Wi-Fi 5. Pa makina a Sony, ndi PS5 Pro ya mu 2024 yomwe ili ndi Wi-Fi 7. Mukagulira Xbox rauta ya Wi-Fi 7, idzalankhula nayo chilankhulo chakale chomwecho.

Palinso makoma. Mafunde akamakwera, mphamvu yoboola khoma imachepa. Nyumba zambiri za ku America, komwe ambiri oyesa marautawa pa YouTube amakhala, m'kati mwake anagawa ndi matabwa ndi timabolodi topyapyala. Zathu ndi za njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, zopakidwa pulasitala mbali zonse. Mafunde a 6 GHz akadutsa makoma awiri otere amafika atatheratu, foni n'kubwerera yokha ku 2.4 GHz ya makedzana. Pomwe waya wa Cat5e, womwe umapezeka m'mashopu a zamakompyuta pamtengo wosafika n'komwe kachigawo ka rauta ija, umanyamula 1,000 Mbps mpaka mamita 100, kuchedwa kwake kosakwana milisekondi imodzi, ndipo sasamala za khoma kapena aneba. M'mipikisano ikuluikulu ya magemu, komwe pamakhala ndalama zankhaninkhani, makompyuta amalumikizidwa ndi waya. Makampani omwewo amene amathandiza mipikisanoyo ndi amene amakugulitsani Wi-Fi ya magemu.

Za magetsi ndingodutsapo. Karauta kakang'ono kamakhala maola angapo pa kabatire ka 12V magetsi akathima. Chirauta cha mafunde anayi ndi nyali zake chimadya mochuluka, ndipo chimafuna chosungira magetsi chachikulu, ndalama inanso. Ndipo mtengo wa pabokosi si womaliza: Netgear ili ndi Armor, TP-Link ili ndi HomeShield, zachitetezo zomwe mbali yake yokwanira imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Kudulanso sikutanthauza kutetezeka. Mu 2016 ASUS inagwirizana ndi bungwe loteteza ogula la ku America, FTC, kuti chitetezo cha marauta ake chiziunikidwa ndi anthu apadera kwa zaka 20, zitapezeka kuti mafayilo a makasitomala ankaonekera kwa aliyense pa intaneti.

Musanatume aliyense, yesani nokha, ndi kwaulere. Tsegulani kompyuta, lembani ping ndi adiresi ya rauta yanu, yomwe nthawi zambiri ndi 192.168.1.1, kapena 192.168.8.1 pa timabokosi ta Huawei. Mizere idzayamba kutsika: 2, 3, 2, 4. Ngati manambala ali otero, Wi-Fi yanu ilibe mlandu, isiyeni. Ngati akudumpha kufika 80 kapena 200, sendezani rauta pafupi, sinthirani ku 5 GHz, kapena kokani waya. Kenako yang'anani ping ya m'gemu nyumba ili zii, n'kuuza wina atumize vidiyo yaikulu. Ikalumpha, vuto ndi mzere uja. Ikakhala yokwera ngakhale aliyense ali mtulo, vuto lili kunja kwa geti, ndipo palibe chogula m'shopu chomwe chingalifikire.

Kunja kwa getiko n'komwe mkwiyo wa osewera uyenera kulunjika. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndiye malire a chilengedwe ndi mamilisekondi 15 okha. Microsoft inatsegula malo ake a maseva ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024, ndipo opanga magemu ambiri amachita lendi maseva m'malo ngati amenewa. Choncho funso lofunika kwa wosewera wa kuno ndi lakuti uthenga wake umadzera kuti popita ku Johannesburg, ndipo umatenga nthawi yaitali bwanji madzulo aliyense ali pa intaneti. Yankho lili m'manja mwa makampani otigulitsa intaneti, amene amasankha njira zogula ndi anzawo olumikizana nawo. Iwo pazikwangwani amangolemba ma GB ndi ma Mbps, matenda omwewo a nambala ya pabokosi. MACRA, yomwe imapereka ziphaso ndi kuyang'anira ubwino wa ntchito zawo, ikhoza kuwalamula kuti azilengeza ping yawo ya ku Johannesburg ndi ya m'dziko momwe muno, yoyezedwa nthawi ya madzulo, mwezi uliwonse. Phindu silingakhale la anyamata a magemu okha. Ping yomweyo ndi imene imadula mawu a mphunzitsi pa Zoom ndi kuumitsa nkhope ya agogo pa vidiyo ya WhatsApp. Pakadali pano, wogulitsa intaneti akabwera pakhomo ndi kapepala ka mitengo, mufunseni ping ya ku Johannesburg ya 8 koloko madzulo, ndipo mumuuze ayeze pomwepo inu mukuona musanasaine.